Nkhwangwa Imene Ndinabwera Nayo

Alamu anga anandipeza pakhonde ndikupala dzimbiri pa nkhwangwa ya munthu wina. Iwowa ndi achimwene a malemu mkazi wanga, akulu pa onse obadwa m'nyumba imeneyo, ndiye eni mbumba. Mkazi wangayo tinamuika m'manda mvula ikutha, ndipo apa n'kuti chimanga titakolola, nandolo akuchita maluwa. Anakhala pa chitsa chawo cha masiku onse n'kuyamba kundifunsa za bondo langa, za mbuzi, za mtengo wa chimanga tsidya la mtsinje wa Muloza. Ine alamu ndimawadziwa. Akamazungulira choncho ndiye kuti abwera ndi mawu amene akuwawotcha m'kamwa.

Potsiriza anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Alamu, nkhwangwa ija munabwera nayo kuno ilipo?"

Ndinapitiriza kupala ngati sindinamve, koma manja anali atazizira.

Wosadziwa za kwathu angadabwe kuti kafunso kotere kangaziziritse bwanji munthu manja. Ku Mongue kumene ndinakwatira, ngakhalenso ku Molumbo kumene ndinabadwira, mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba ya akazi, malo a nyumba ndi awo, ngakhale mango amene wabzala ndi manja ako mizu yake ili m'nthaka ya eni. Mkazi akamwalira pamadutsa miyezi, kenako abale ake amakusudzula, ndiko kukumasula ku ukwatiwo. Akakufuna amati khalani, mulere ana. Akapanda kukufuna, m'banja limene ndinakwatiramo ine satulutsa mawu akuti chokani, amati ndi mwano. Mwini mbumba amangotenga nkhwangwa imene unabwera nayo pa chikamwini n'kukupatsa m'manja anthu akuona. Ukailandira ndiye kuti wamva.

Ine ndi mkazi wanga tinabereka amuna okhaokha, awiri. Wina amatchova njinga yonyamula anthu ku Mocuba, wina anakwatira tsidya la Malawi ndipo nayenso ndi mkamwini wa eni ngati bambo ake. Pakanakhala mwana wamkazi, munda ukanakhala wake, ine n'kumakalambira pakhonde pake. Popeza panalibe, munda unayenera kupita kwa mwana wa mng'ono wa malemu mkazi wanga, mayi wa ana angapo amene ankalima kamunda ka miyala m'mbali mwa phiri. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira tsiku la maliro, koma ndinkayembekeza kuti mwina andiiwala.

"Ilipo," ndinatero. "Koma mmene ililimu siyotulutsa pagulu. Ndiikonze kaye."

Alamu anatembenukira kukhoma, kumene kunali nkhwangwa mbwee zopachikidwa kuyambira pakhomo mpaka kuseri, iliyonse yonyezimira mafuta. Anangoti, "Purontu, chabwino, konzani, alamu. Palibe akukuthamangitsani." Atamva okha mawu amene anasankha, anatsokomola n'kunyamuka osatsanzika bwinobwino.

Nkhwangwa za kukhomazo ndiyo inali nthenda yanga. Inandiyamba titabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Anthu pothawa ankagulula makasu ndi nkhwangwa m'mipini n'kukwirira zitsulozo pachulu kapena patsinde pa mtengo, poganiza kuti abwera mawa. Anabwera patapita zaka, ena sanabwere n'komwe. Ndiye ukamalima m'mabwinja khasu linkangoti ngwe! pa chitsulo, kufukula n'kupeza mutu wa nkhwangwa wofiira ngati katondo. Anzanga ankangoponya kumalire a munda. Ine zinkandipweteka. Ndinkatola, n'kupala, n'kuzika mpini watsopano, mpaka mbiri inawanda yakuti ku Mongue kuli mkamwini wina wopenga ndi zitsulo zakale.

Zinachulukana ine osadziwa. Panali ting'onoting'ono tosemera mitondo. Panali zosulidwa pachipala ndi mvukuto, zimene ukazipala bwino umaona pamene nyundo inkagwera, ndipo ukazolowera umadziwa kuti iyi ndi iyo zinatuluka m'manja mwa wosula mmodzi. Panali zolemera za nthawi ya Apwitikizi, za diso lolowetsamo mpini, zimene ankadulira nkhuni zoumitsira tiyi ku Milange. Ina bambo wina wa Chilomwe anandibweretsera ataikulunga m'kansalu, akuti ndi epaso, kunena nkhwangwa m'Chilomwe, ya malume ake, ndiisunge ine chifukwa ana ake aigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Mkazi wanga ankandiseka. "Inu, mitengo ikutha, nkhwangwa zikuchuluka. Mudzadula nazo chiyani, mphepo?" Koma mlendo akabwera, woyamba kumutengera kukhoma kukamuonetsa anali yemweyo.

Yanga yeniyeni sinali kukhomako. Inasulidwa kumsasa wa othawa nkhondo, tsidya la Mulanje, kuchokera ku sipuling'i ya lole. Kumsasa komweko n'kumene ndinadziwana ndi alamu pamzere wolandirira ufa, mlongo wawo n'kudzamudziwa pambuyo. Nkhwangwayo anandigulira ndi malume anga pamene tinkabwerera, amati mwamuna sapita kuchikamwini chimanjamanja. Ndinafika nayo pamudzipo pali tchire lobisa munthu, tikuponda mosamala poopa mabomba okwirira. Ndi iyo ndinagwetsa mitengo ya mundawo, ndi iyo ndinadula nsanamira ndi mapaso a nyumba. Kenako zokongola zitabwera inayamba kutsalira, monga zimakhalira. Alamu atachoka ndinaifunafuna tsiku lonse. Ndinakaipeza pansi pa nkhokwe, mpini utadyedwa ndi chiswe, mutu wake utatchinjiriza dengu loikiramo nkhuku. Ine amene ndinkakalipira mudzi wonse kuti nkhwangwa siigona pansi!

Koma kunena zoona ndinasangalala kuiona ili choncho. Ntchito inali yambiri, ndipo ntchito yambiri imafuna masiku ambiri.

Dzimbiri lotere anthu aulesi amaponya chitsulo pamoto kuti lipse. Musayese. Moto umachotsa dzimbiri n'kutenganso kulimba kwa chitsulo, ndiye nkhwangwa yowotchedwa ukainola m'mawa, pofika masana yabuntha kale. Ine ndimaviika m'matsukwa, madzi owawasa aja otsala akavuula mphale. Masiku awiri atatu amakwana, ndipo osapitirira, chifukwa kuwawasako kukatha dzimbiri kumayamba kudya chitsulo. Ukavuula umakwecha ndi mchenga wa kumtsinje ndi chitsononkho, n'kutsukuluza ndi madzi a phulusa kuti kuwawasa kuthe, n'kupukuta, n'kuika padzuwa kuti madzi aumiretu. Mafuta umapaka tsiku lomwelo, ukagona nayo dzimbiri limabwerera. A nsatsi ndiwo abwino. Akasowa, oyilo wakuda wa kuchigayo amathandiza.

Vuto linali matsukwawo. Zaka zonsezi ankandisungira ndi mkazi wanga, ine osapempha. Tsopano ndinayenera kutenga ndowa n'kupita kwa mwana wa mng'ono wake uja, amene ankadikira munda wanga. Anandithirira yekha, atagwada, n'kundinyamuliranso ndowayo mpaka pakhomo. Ulemu umenewo unandinyansa. Akanakhala wamwano bwenzi ndikudziwa pomugwira.

Pamasiku ake ndinavuula, kukwecha, kupaka mafuta, n'kuibisa kudenga. Ndowa ndinaisiya pakhonde ili ndi madzi ake, nditavundikira ndi lichero lakutha. Alamu atabwera sabata inayo ndinangoiloza ndi mlomo.

"Ikadali m'madzi," ndinatero.

Anavundukula lichero, n'kusuzumira m'ndowa mopanda nkhwangwamo nthawi yaitali, n'kuvundikiranso.

"Eya," anatero. "Dzimbiri la zaka silimva msanga."

Masiku amenewo pansi pankandiwotcha. Ndikakhala pakhonde ndinkanyamuka kupita kumunda, ndikafika kumunda ndinkazungulira malire ngati wina wawasuntha, n'kubwerera kunyumba osadziwa chimene ndatsatira. Ndinkayamba kusema mpini wa munthu, n'kusiya pakati, n'kuyamba kufolera khola limene silinkadontha. Masiku ena ndinkapalasa njinga mpaka ku Milange popanda chogula, n'kukaima pafupi ndi mlatho wa Muloza kuonerera anyamata akukankha njinga zosenza matumba a chimanga. Onse anali ndi kumene ankapita. Pobwerera ndinkalankhula ndekha njira yonse, kuyankha mbumba yonse mmodzimmodzi. Ndani anazula zitsa m'munda umenewu? Munali kuti inu pamene ndinkaponda tchire la mabomba? Pa njinga ndinkawagonjetsa onse. Ndikafika pamudzi n'kukumana ndi mmodzi wa iwo, ndinkavula chipewa n'kufunsa ngati aswera bwino. Kwa eni kulibe mkuwe.

Tsiku lina kumerikadu, msika wa ku Milange, ndinaona mutu wa nkhwangwa pakati pa maloko akufa ndi matcheni a njinga, wa msuka wautali, wosulidwa ndi munthu wodziwa ntchito. Msuka ndi mchira wosongoka uja umene umalowa mumpini. Ndinaugula. Ndili m'njira ndinadziseka ndekha, munthu wosadziwa kumene adzagone mvula ikubwerayi n'kumaonjeza katundu wachitsulo. Koma kuusiya pamenepo sindikanatha.

Za dzimbiri zitatha mphamvu ndinati tsopano ndikunola. Mwamuna wa mwana wodikira munda uja, mkamwini mnzanga, munthu wabwinobwino koma wopupuluma, anabwera kudzandithandiza nzeru.

"Apapa, bwanji ndingopita nayo ku Milange kwa owotcherera zitsulo? Ali ndi makina, kamphindi kochepa yathwa."

Ndinamukalipira kuposa mmene anayenerera. Komabe zimene ndinamuuzazo n'zoona. Makina amagetsi aja amatenthetsa chitsulo mpaka kumene kumadulako kusintha mtundu, ndipo pamene pasintha mtundupo pafa, padzapindika pa mfundo yoyamba. Nkhwangwa imanoledwa ndi tupa, kukankhira kutsogolo kokha, osati kucheka uku ndi uku ngati sowo. Mbali zonse ziwiri zilandire mofanana. Kenako mwala ndi madzi, modekha, mpaka kachingwe ka chitsulo kamene tupa imasiya kumapeto kachoke. Ndipo osaipepula ngati lumo. Yopyapyala kwambiri imakoma pamtengo wofewa, ikakumana ndi muwanga imabenthuka. Isiyireni mnofu kumbuyo kwa kuthwako.

Ntchito ya m'mawa umodzi imeneyo ndinaigwira mpaka nandolo anauma.

Mwana wanga wa ku Mocuba ankandiimbira foni kuti ndipite kwa iye. Ndikakhale m'kachipinda ka lendi, ndizidikira pakhomo iye ali kumsewu? Nkhwangwa ndikapachike kuti? Ndinakana. Kotsala kunali kwathu ku Molumbo, kwa mlongo wanga, kumene mwambo umati ndine malume, mwini mbumba. Koma kumeneko zaka zonsezi ndinkangopitako pamaliro, ndipo adzukulu akumeneko ankandipatsa moni ngati wogula nyemba. Ndinali ndi mantha, ndinene mosabisa. Munthu wa imvi kukayamba kufunsa njira ya kuchitsime kwawo komwe.

Chiyembekezo changa chachikulu chinali mpini. Paja amati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo nthawi imeneyo nanenso ndinaukhulupirira. Mpini wabwino sufulumira. Umadula m'chilimwe mtengo ulibe madzi ambiri, n'kusankha nthambi yowongoka yokhala ndi mfundo kumutu, chifukwa pamfundo ndi pamene sipang'ambika msuka ukamalowa. Bulugamu wamuwisi ndi wa anthu ofuna kutema phazi lawo. Kale tinkadula muwanga kuphiri, koma makala anaumaliza, ndiye ndinadula nthambi ya gwafa wa kuseri kwa nyumba, amene sagonja msanga. Umasenda makungwa n'kuupachika kudenga la khitchini, pamthunzi, utsi uziupeza. Ukauyanika padzuwa umauma kunja mkati muli madzi, n'kuchita ming'alu. Ukazika usanaume, umafota pambuyo pake, dzenje n'kukula, mutu n'kudzaguluka uli m'mwamba. Ndipo mutu ukayamba kugwedera musathamangire kuviika m'madzi monga amachitira ambiri. Umalimba tsiku limodzi, ukauma umagwedera kuposa kale.

Alamu ankabwera kudzauyendera mpiniwo ngati wodwala. Ankautsitsa kudenga, n'kuugogoda ndi chala pafupi ndi khutu. Unkalira ngwee, mwana aliyense akanamva kuti wauma.

"Nada, ayi ndithu," ankatero. "Ukadali ndi madzi uwu. Osapupuluma, alamu. Mungatichititse manyazi ndi mpini wogwedera."

N'kuubwezera okha kudenga. Sitinakambiranepo kuti tikuchita chiyani. Ndinadzamva kwa ena kuti azimayi a mbumba akawapanikiza, alamu ankaimirira n'kuwaphunzitsa za kaumidwe ka mitengo mpaka azimayiwo kutopa. Munthu amene chikhalire sanasemepo ngakhale mthiko.

Kenako kunatentha. Anthu anayamba kusosa, utsi uli tolotolo m'minda, mitambo ikusonkhana pa phiri la Tumbine madzulo aliwonse n'kubalalikanso. Munda wanga wokha unali chikhalire ndi mapesi ake. Kuusosa ine kukanakhala kulimbana ndi eni, kuusosa iwo ine ndisanasudzulidwe kukanakhala kundinyoza. Unangokhala pakati, ndipo aliyense wodutsa ankauona.

M'mawa wina mwana wodikira munda uja anabwera yekha. Anagwada chapatali, mwana wake wamng'ono ali kumbuyo.

"Apapa, ndabwera kudzafunsa za mpini."

"Sunaume."

"Apapa, ine ndakulira pakhomo pano. Matsukwa ndimadziwa masiku ake, mpini ndimadziwanso. Munkandituma ndinu kukatsitsa kudenga."

Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati amayi ake aakulu afika poiwalika kale, ngati manda awo aphwa n'komwe. Ndinamukumbutsa amene anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala atalumidwa ndi njoka. Ndinanena zambiri, zina zosayenera munthu wamkulu. Iye anangowerama mpaka ndinatha mawu.

"Zonsezo n'zoona, apapa," anatero. "Ine sindikukuthamangitsani, Mulungu akuona. Koma mvula siidikira mpini. Chaka chatha ana anga anadya mango ophika mwezi wonse wa Januwale. Amene ankatibweretsera ufa mobisa ndi amayi aakulu, inu mukudziwa. Chaka chino atibweretsera ndani?"

Ndinkadziwadi. Ufa umenewo unkachoka m'nkhokwe yanga, ine n'kumayang'ana kumbali kuti mkazi wanga aziyesa sindikuona. Ndinafuna kumuuza kuti alime mundawo ine ndili pomwepo, ndizingokhala m'nyumbamo. Koma nyumbayo ili pakati pa munda, ndipo iwo ankagona anthu onsewo m'kanyumba kamodzi kodontha. Ndinamuuza kuti akauze amalume ake kuti asankhe tsiku.

Atangochoka ndinasonkha moto. Pozika nkhwangwa dzenje umaliyamba ndi kachitsulo kena kotentha, osati nkhwangwayo. Likatsala pang'ono m'pamene umatenthetsa msuka wokha, mbali yodulira utaikulunga ndi chiguduli chonyowa kuti moto usafikeko. Umalowetsa, utsi n'kutuluka, umazula, umalowetsanso, koma osafikitsa kumapeto. Makala a m'dzenjemo umakokota. Chotsalacho msuka umalowa utazizira, pomenyetsa mutu wa mpini pa chitsa mpaka kulira kwake kusinthe. Kenako mpini wonse umaupaka mafuta. Dzuwa lisanafike pamutu nkhwangwa inali itatha. Ndinayesa pa nthambi youma ya mango, inadula kamodzi. Sindinakonzepo ina yokoma m'manja ngati imeneyo, ndipo ndinadana nayo.

Masiku otsalawo ndinagawa za kukhoma. Alamu anati nditenge zonse, ndi thukuta langa, koma munthu wopita kukapempha pogona sanyamula khoma la zitsulo. Ndinasankha zochepa, pamodzi ndi epaso ya bambo wa Chilomwe uja popeza inali yosungitsa. Zinazo ndinayenda nazo khomo ndi khomo. Aliyense ndinkamupatsa ndi mawu ake, ndipo ndikudziwa kuti ndinawatopetsa. Muzipachika, chiswe sichikwera msanga. Osaisiya itabayidwa pa chitsa mvula ikugwa. Osawazira nkhuni pamwala kapena padothi, ikani chipika pansi. Osakumbira nayo mizu, khasu lilipo. Mukabwereketsa kwa munthu, ikabwera muiyang'ane iye ali pomwepo. Ankangoti eya, eya, ena misozi ili m'maso, ena maso ali pa nkhwangwa ya mnzawo kuona ngati yaposa yawo. Mkamwini wopupuluma uja ndinamupatsa tupa ndi mwala wonolera, n'kumulumbiritsa kuti sadzapita nazo kumakina.

Tsiku losudzula tinakhala pansi pa mango m'mawa. Katundu wolemera ndi njinga mwana wanga wa tsidya lija anali atatsogola nazo dzulo lake. Akulu a mpingo anapemphera. Alamu anaimirira n'kulankhula zoyenera kulankhulidwa, kuti ndinawasungira mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza, kuti sindinatukwanepo apongozi, kuti ndine womasuka ndipo palibe adzanditsate ndi mlandu. Mawu ankatuluka bwino, ngati munthu wowerenga kalata ya eni. Nkhwangwa inali pamphasa pakati pathu.

Anawerama n'kuitola. Ine ndinaimirira n'kutambasula manja onse awiri, monga ndinaonera akamwini ena akuchita. Ndinafuna zithe msanga. Alamu anaitembenuza uku ndi uku, anayesa kuthwa kwake ndi chala, kenako anaiika paphewa pawo.

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero.

Azimayi anayamba kung'ung'udza, chifukwa mwambo umati apereke anthu akuona. Alamu sanatembenuke n'komwe.

"Ndikawapatsira kunjira," anatero. "Kapena pali wina pano amene akufuna kukhala mwini mbumba?"

Ndinatola chikwama changa n'kuwatsatira.

Mlendo kumeneko amaperekezedwa mpaka pakamtsinje, woperekeza n'kumubwezera katundu wake n'kubwerera. Ndaperekeza anthu ambiri mpaka pamenepo. Tinadutsa munda uja, tinadutsa kanjira kopita kumanda, aliyense akuyang'ana kutsogolo. Titafika pakamtsinje ndinaima n'kutambasula dzanja. Alamu anavula nsapato n'kuwoloka. Tsidya linalo anayamba nkhani ya bambo wina wa kumsasa amene ankalandira ufa kawiri posintha chipewa, nkhani imene tinaikamba kambirimbiri. Ndinaseka pamene timasekera nthawi zonse. Tinakwera chitunda, tinadutsa sukulu, tinadutsa chigayo, iwo akupuma movutikira chifukwa ndi aakulu kwa ine, koma nkhwangwa osaisuntha paphewa. Anthu m'njira ankatifunsa ngati tikupita kukadula mitengo.

Kumsewu tinakhala pamthunzi kudikira shapa, magalimoto otsegula kumbuyo aja onyamula anthu ndi matumba kupita ku Milange. Itabwera yoyamba ndinanyamuka.

"Yadzaza iyi," anatero alamu, n'kuibayibitsa kuti ipitirire. Munali malo okwana mbuzi ndi mwini wake.

Inabwera ina. Anaizungulira n'kunena kuti matayala ake ndi akutha, sangalole mlamu wawo kukwera imfa. Woyendetsa anawatukwana n'kunyamuka. Dzuwa linali litapendeka, ndipo ine ndinali ndi ulendo wina wochoka ku Milange kupita ku Molumbo.

"Alamu," ndinatero, "mukufuna ndigone pamsewu? Mwandichotsa m'nyumba, tsopano mukundikaniza galimoto. Ndipatseni nkhwangwa yangayo ndizipita."

Sanandiyang'ane. Anati, "Ine ndinaika m'manda mlongo wanga. Sindinadziwe kuti andiuzanso kuti ndiike inu."

Ndinakhalanso pamthunzi paja, maso ali kumsewu.

Itabwera ina sindinawafunse. Ndinaponya chikwama, ndinakwera, ndinakhala pa thumba la nandolo chakumapeto, n'kutambasula dzanja. Iwo anaima pomwepo, manja onse awiri ali pampini. Wolandira ndalama anamenya bodi, galimoto inayamba kuyenda. Ndinaganiza kuti basi, atsala nayo, mwina n'chimene amafuna.

Kenako ndinawaona akuthamanga. Nkhalamba ya imvi, nsapato imodzi itavuka, ikuthamangira galimoto nkhwangwa ili m'mwamba. Azimayi m'galimotomo anakuwa kuti mayo, akufuna kutema munthu, ena akuuza woyendetsa kuti aime, ena kuti athawe. Alamu anatipeza pamene galimoto inkazemba dzenje. Anaitembenuza n'kundilozetsa mpini, chitsulo chili kwa iwo. Ndinagwira. Kwa kanthawi tinaigwira tonse awiri, iwo akuthamangabe, pakamwa pali yasa, akufuna kunena kanthu koma mpweya utawathera. Galimoto inakoka, dzanja lawo linatsetsereka.

Anatsala ataima pakati pa msewu m'fumbi, mpaka tinakhota. Mayi amene anakhala pafupi nane anandifunsa ngati munthuyo ndinali naye mlandu. Ndinati ayi, ndi alamu anga, amandiperekeza. Nkhwangwa ndinaigoneka pamiyendo, mpini ukadali wofunda pamene iwo anagwira.